Banki Yosasunga Ndalama: Nkhokwe ya Chakudya ya ku Phoenix



Lero tikambirane za banki. Mwina ena mwadabwa kale, pakuti mau ameneŵa amatikumbutsa za ndalama ndi mzere wautali wa pa mapeto a mwezi. Koma banki imene ndifuna kukufotokozerani siisungira munthu ndalama. M'kati mwake mumapezeka nyemba, mpunga, buledi, mkaka, ndiwo zamasamba ndi zipatso. Amene chakudya chamutsalira amakachiika kumeneko, ndipo amene ali ndi njala amakatapako osalipira kanthu. Eniake amaitchula kuti banki ya chakudya. Ife tingathe kuitchula kuti nkhokwe ya mudzi wonse.

Poyamba tifunse kuti nkhokwe yotere ifunikiranji. M'chaka cha 2011, bungwe la FAO, limene limayang'ana za chakudya ndi ulimi m'malo mwa United Nations, lidalengeza kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chakudya chimene anthu amalima ndi kukonza pa dziko lonse limaonongeka kapena kutayidwa. Ameneŵa ndi matani okwana 1.3 biliyoni pa chaka. Mabungwe a United Nations omwewo adaŵerenga kuti m'chaka cha 2023 anthu pafupifupi 733 miliyoni ankagona ndi njala. Mukaika ziŵerengero ziŵirizi pamodzi, muwona kuti kaŵirikaŵiri chakudya chimakhalapo, ndipo wanjala amakhalanso pompo, koma palibe njira yoti aŵiriwo akumane. Banki ya chakudya ndiyo njira imeneyo. Tsono mverani m'mene njirayi idalambulidwira koyamba.

Munthu amene adayamba ntchitoyi

Phoenix ndi mzinda waukulu wa chigawo cha Arizona, kumwera chakuzambwe kwa dziko la United States of America. Mzindawu udamangidwa m'chipululu, kumene mvula imagwa pang'ono ndipo dzuŵa limaotcha kwambiri. Komabe chifukwa cha madzi othirira, malalanje, mandimu ndi manyumwa zimabereka zedi, ngakhale pakhomo pa anthu wamba.

Kumeneko kudafika munthu wina dzina lake John van Hengel. Iwoŵa sadali wansembe, sadalinso munthu wolemera. Adabadwa m'chaka cha 1923 ku Waupun, m'chigawo cha Wisconsin. Adaphunzira bwino, nagwira ntchito zosiyanasiyana za malonda ku California. Pambuyo pake banja lao lidatha, ndipo adabwerera kwao kukagwira ntchito yophwanya miyala. Tsiku lina adavulala kwambiri poleretsa ndeu, kotero kuti ziŵalo zina za thupi lao zidafooka. Pofuna malo otentha oti thupi lipezeko bwino, adasamukira ku Arizona ali ndi zochepa m'manja.

Ku Phoenix adayamba kuthandiza mongodzipereka pa nyumba yodyetsera anthu osauka ya bungwe la Vincent de Paul Woyera. Ambiri mwa inu mumalidziŵa bungwe limeneli. Lidayamba ku Paris m'chaka cha 1833, pamene Frédéric Ozanam ndi anzake adagwirizana zoyendera amphaŵi m'nyumba zao. Pa nyumba yodyetserayo a van Hengel adaona kuti odzadya ndi ambiri, koma miphika ndi yochepa. Adaonanso kuti m'mzinda momwemo zipatso zinkangoyoyoka nkumaolera pansi pa mitengo. Choncho adapeza galimoto yakale imene kale inkanyamula mkaka, nayamba kuyenda khomo ndi khomo kupempha eni mitengo kuti aŵalole kuthyola zotsala. Posakhalitsa zipatso zidachuluka kuposa zimene nyumba imodzi ikadatha kudya, ndipo adayamba kupereka zina ku nyumba zinanso zothandiza osauka.

Nzeru ya mai wa ana khumi

Nzeru yeniyeni ya banki idachokera kwa mai wina wosauka, amene ankalera ana 10. Maiwo adafotokozera a van Hengel kuti ana ao amaŵadyetsa ndi zimene amatola m'migolo ya zinyalala kuseri kwa magolosale. A van Hengel adapita kukadziwonera okha. Adapezamo buledi wogona, ndiwo zamasamba zofota pang'ono, ndi zakudya zina zimene zidali zodyeka ndithu, koma zosagulitsika. Maiwo ndiwo adanena kuti pakadakhala malo amodzi pamene eni masitolo angamakaike zotsala zao, ndi pamene osoŵa angamakatape, monga m'mene anthu amachitira ndi ndalama ku banki.

Taonani, abale anga, kumene nzeruyi idatulukira. Amene amadziŵa bwino kumene chakudya chikutayikira ndi munthu amene njala idamufikitsa pa dzala. Chimene a van Hengel adachita bwino nkumvera, osanyoza mau a munthu chifukwa cha umphaŵi wake.

Adapita ndi nkhaniyi ku parishi yao ya Maria Woyera, imene m'chinenero chao ndi St. Mary's, tchalitchi chakale cha pakati pa mzinda chimene pa nthaŵiyo chinkayang'aniridwa ndi ansembe a chipani cha Fransisko Woyera. Parishiyo idaŵapatsa nyumba yakale yophikiramo buledi imene idali itasiyidwa, pamodzi ndi madola 3,000 oyambira. Chimenecho chidali chaka cha 1967. Pothokoza parishiyo, nkhokweyo adaitcha St. Mary's Food Bank, ndipo ndiyo imene imadziŵika kuti banki ya chakudya yoyamba pa dziko lonse. M'chaka choyamba chokha, ndi anthu oŵerengeka odzipereka, adagaŵa chakudya chopitirira makilogalamu 100,000. Kuti mumvetse bwino, yerekezani matumba a makilogalamu 50 opitirira 2,000. Chonsecho chikadathera ku dzala.

M'mene nkhokweyi imayendera

Tsono tiloŵe m'katimo, tiwone ntchito yake. Ili ndi mbali zinai.

Mbali yoyamba ndiyo kusonkhanitsa. Chakudya chimachokera kwa alimi, kwa eni mafakitale, kwa eni masitolo ndi kwa mabanja. Mwina mufunsa kuti, kodi wamalonda angataye bwanji katundu wabwino? Zifukwa zake nzambiri. Chitini chikapindika pang'ono, ogula amachilambalala. Fakitale ikalakwitsa chizindikiro cha pa paketi, katundu yense wa tsiku limenelo sagulitsika, ngakhale za m'katimo zili bwino. Tomato wokhota kapena karoti wamfupi safika pa shelefu. Mkaka umene tsiku lake lotsiriza kugulitsa layandikira amauchotsa kuti aikepo watsopano. Nthaŵi zina mlimi amakolola zambiri pamene mtengo wagwa, kotero kuti ndalama zonyamulira kupita ku msika zimaposa zimene angapeze. Ku Arizona zotere zimachuluka, chifukwa dera la Yuma limalima ndiwo zamasamba zambiri m'nyengo yozizira, ndipo pa chipata cha Nogales pamaloŵa malole ochuluka a zipatso ndi masamba ochokera ku Mexico. Malole a banki amayendera malo otere kukatenga zotsalazo.

Mbali yachiŵiri ndiyo kusankha. Katundu akafika amamuika pa sikelo, nalemba m'buku kulemera kwake ndi kumene wachokera. Kenaka anthu odzipereka amaimirira m'mizere, kuyang'ana chinthu chimodzichimodzi. Chitini chotupa kapena chadzimbiri amachitaya, pakuti chingathe kudwalitsa munthu. Paketi yobooka amaichotsa. Apa pali lamulo limene nkofunika kulisunga: wosauka sapatsidwa chinthu chimene woperekayo sangadyetse mwana wake.

Mbali yachitatu ndiyo kusunga. Nyama, mkaka ndi masamba zimaloŵa m'zipinda zozizira. Zouma amazisanja pa mathandala, osati pansi, kuti chinyezi ndi makoswe zisaziwononge. Chimene tsiku lake layandikira ndicho chimayamba kutuluka. Aliyense amene adatsekulapo nkhokwe napeza anankafumbwe atamaliza chimanga adziŵa kuti kusunga ndi luso lofuna maso tsiku ndi tsiku.

Mbali yachinai ndiyo kugaŵa. Pano mpamene banki imasiyana ndi nyumba yodyetsera anthu. Chakudya chambiri sichichoka ku banki kupita m'manja mwa wanjala mwachindunji. Chimadzera m'magulu ang'onoang'ono a m'midzi ndi m'makwalala: mipingo, masukulu, nyumba zogona anthu osoŵa pokhala, malo osamalira okalamba. Maguluŵa ndiwo amadziŵa kuti m'nyumba yakuti muli gogo wosatha kuyenda, ndi kuti bambo wakuti ntchito idamuthera mwezi watha. Banki ili ndi malole ndi zipinda zozizira. Magulu aja ali ndi maso ndi makutu. Wina popanda mnzake sangafike patali. Mabanja amalandira bokosi la chakudya cha masiku angapo, ndipo ana ena a sukulu amapatsidwa kathumba ka chakudya Lachisanu, kuti asagone ndi njala Loŵeruka ndi Lamulungu pamene kusukulu sakudya.

Lero banki ya St. Mary's imaima payokha, ndipo imatumikira anthu osafunsa za mpingo kapena mtundu wao. Imafika gawo lalikulu la Arizona, mpaka kumpoto kumene kuli midzi ya mtundu wa Navajo, ndipo chakudya chimene imagaŵa pa chaka chimakwana makilogalamu mamiliyoni makumimakumi.

Mphamvu yake ili mwa anthu apafupi

Nanga nchiyani chimene chaiimiritsa zaka zonsezi? Tikayang'ana chiyambi chake, tiwona kuti panalibe mmodzi amene adapereka zonse. Mai uja adapereka nzeru, parishi idapereka nyumba, eni mitengo adapereka zipatso, eni masitolo adatsekula zitseko zakuseri, ndipo ena adapereka manja ao ndi nthaŵi yao. Paja mutu umodzi susenza denga. Mpaka lero ntchito yambiri yosankha ndi kulongedza imagwiridwa ndi anthu osalipidwa: ophunzira, opuma pa ntchito, magulu a m'mipingo ndi antchito a m'makampani.

Chitsanzo china nchimene amachita onyamula makalata a ku positi m'dzikomo. Kuyambira chaka cha 1993, Loŵeruka lachiŵiri la mwezi wa Meyi mabanja amaika kathumba ka zakudya zouma pafupi ndi bokosi lao la makalata, ndipo wonyamula makalata amakatenga pa ulendo wake wa masiku onse, nkukapereka ku banki ya m'dera lomwelo. Kathumba kamodzi nkochepa, koma makomo ndi ambiri.

Boma nalonso lidachitapo mbali yake pokonza malamulo. M'chaka cha 1976 lidakhazikitsa lamulo lochepetsera msonkho makampani amene amapereka katundu wao kwa osauka. M'chaka cha 1996 lidakhazikitsa lina loteteza munthu wopereka chakudya ndi mtima woona, kuti asaimbidwe mlandu ngati mwangozi wina wadwala nacho, pokhapokha ngati adachita mosasamala kwenikweni. Lamulo limeneli lisanabwere, amalonda ambiri ankaona kuti kutaya nkosaopsa kuposa kupatsa.

Koma chuma chachikulu cha banki iliyonse ndi kukhulupirika. Munthu saika ndalama zake pamene akukayika kuti mwina zibedwa. Chimodzimodzinso mwini sitolo sangapereke katundu wake akamva kuti zimene adapereka dzulo zikugulitsidwa pa msika lero. Nchifukwa chake sikelo ndi buku lolembamo nzofunika monga chakudya chomwe. Banki imene siitha kufotokoza kumene thumba lililonse lapita imatseka yokha zitseko za opereka.

M'mene nzeruyi idafalikira

Anthu a m'mizinda ina adayamba kubwera ku Phoenix kudzaona, ndipo boma lidapereka ndalama zoti a van Hengel aphunzitse ena. Pofika chaka cha 1977, mabanki otere adali atatsekulidwa m'mizinda 18. Adalumikizana m'bungwe limodzi lotchedwa Second Harvest, ndiye kuti kukolola kwachiŵiri, limene m'chaka cha 2008 lidatenga dzina lakuti Feeding America. Bungweli limagwirizanitsa mabanki pafupifupi 200.

M'chaka cha 1981 banki yoyamba ya ku Canada idatsekulidwa mu mzinda wa Edmonton, ndipo oyambitsa ake adadzitcha dzina lotanthauza kuti okunkha. Inu akatekisti mukumbukira Rute, mkazi wamasiye ndiponso mlendo, amene ankakunkha m'munda wa Boazi, chifukwa malamulo a Aisraele ankalamula mwini munda kusiyira osauka zotsala za pokolola. Banki ya chakudya ndi khunkha lomwelo, koma la m'masitolo ndi m'mafakitale.

Ku France, m'mwezi wa Malichi 1984, sisitere wina dzina lake Cécile Bigot adalemba m'nyuzipepala ya La Croix kudandaula kuti anthu akugona ndi njala pamene chakudya chikutayidwa. Bernard Dandrel pamodzi ndi mabungwe angapo achifundo adayankha, ndipo chaka chomwecho adatsekula banki ku Arcueil, pafupi ndi Paris. Ku Italy idayamba m'chaka cha 1989, pamene wamalonda Danilo Fossati adagwirizana ndi wansembe Luigi Giussani. Kuno ku Africa, bungwe limene lero likutchedwa FoodForward SA lidayamba ntchito yotereyi ku South Africa m'chaka cha 2009. M'chaka cha 2016 dziko la France lidafika poletsa masitolo akuluakulu kuwononga dala chakudya chodyeka chimene sichidagulidwe. A van Hengel adamwalira ku Phoenix m'chaka cha 2005, ataona mbeu yao itamera m'maiko ambiri.

Malemu Papa Francis adalankhulapo za nkhani imeneyi. Pa 5 Juni 2013 adaphunzitsa kuti chakudya chimene timataya chili ngati chobedwa pa tebulo la munthu wosauka, ndipo m'mwezi wa Meyi 2019 adalandira ku Vatican atsogoleri a mabanki a chakudya a ku Ulaya, naŵalimbikitsa pa ntchito yao.

Zimene banki singathe kuchita

Abale anga, tisakokomeze. Patapita zaka 56 chiyambire banki ya ku Phoenix, boma la United States lidaŵerenga kuti m'chaka cha 2023 anthu opitirira 47 miliyoni ankakhala m'mabanja amene nthaŵi zina sankadziŵa ngati chakudya chiŵakwanira. Zimenezi zikuchitika m'dziko limene lili m'gulu la maiko olemera koposa. Banki imathetsa njala ya lero, koma siikweza malipiro a wantchito, siitsitsa lendi ya nyumba, siilipira ngongole ya kuchipatala. Zimenezo ndizo zimabwezera munthu pa mzere mwezi wamaŵa.

Palinso zovuta zina. Banki imalandira zimene zatsala, ndipo zotsala sizikhala nthaŵi zonse zimene thupi lifuna. Tsiku lina kumabwera masiwiti ndi zakumwa zotsekemera, pamene mwana akusoŵa nyemba ndi mazira. Nchifukwa chake mabanki ambiri amapemphanso ndalama, kuti agule zimene zikupereŵera. Anthu ena amachita manyazi kuima pa mzere, nasankha kugona ndi njala. Pofuna kuchepetsa manyaziwo, malo ena amasanja chakudya ngati m'golosale, kuti munthu asankhe yekha zoyenera banja lake.

M'chaka cha 1998 mphunzitsi wina wa ku yunivesite, Janet Poppendieck, adachenjeza kuti chifundo chotere chingathe kugonetsa anthu tulo, nkumaganiza kuti vuto latha, pamene boma ndi olemba anthu ntchito akuzemba udindo wao. Bungwe la Feeding America lomwe limavomereza kuti pa mbale imodzi imene mabanki ake amapereka, thandizo la boma logulira chakudya, lotchedwa SNAP, limapereka mbale 9. Tsono banki ndi mthandizi wa chilungamo, ndipo singaloŵe m'malo mwake. Wodyetsa wanjala ayeneranso kufunsa chimene chamugonetsa ndi njala.

Zoti titengepo

Kwathu kuno zinthu nzosiyana ndi ku Phoenix. Zotsala zathu zambiri sizili m'masitolo. Zimaoneka pa nyengo yake: mango akamaolera pansi, tomato akamatayidwa pa msika madzulo, chimanga chikamagulitsidwa motchipa pokolola, eniake nkudzachigulanso modula mu Janyuwale ndi Febuluwale. Sitingatengere zonse za kumeneko monga m'mene ziliri. Koma mafunso amene adafunsa anthu a ku Phoenix tingathe kuŵafunsa ifenso, m'banja ndi mu mphakati.

Kodi pakati pathu chakudya chimatayikira pati, ndipo pa mwezi uti? Kodi ndani akugona ndi njala, ndipo tidayamba taŵafunsa iwowo nzeru zao? Kodi pali chipinda chouma ndi chokhoma chimene chikungokhala? Kodi ndani amene tonse timamkhulupirira kuti asunge kiyi, ndipo ndani wina amene asunge buku, kuti zonse zisakhale m'manja mwa munthu mmodzi? Kodi tigaŵa bwanji kuti wolandira asachoke ataŵeramitsa mutu? Inu akatekisti, mafunso ameneŵa mungathe kuŵatenga ku msonkhano wanu wotsatira. Inu makolo, yambani ndi ana anu pa mphasa yodyera: aphunzitseni kutapa nsima imene angathe kumaliza, ndi kusunga bwino mkute.

Makolo athu adati kupatsa nkuika. Iwo sadaone banki ya ku Phoenix, koma adadziŵa kale maziko ake: chimene wapatsa mnzako sichidatayike, wachisungitsa, pakuti amene akuika lero ndiye angadzatape maŵa. A van Hengel omwe adafika mu mzinda uja ali odwala ndi osoŵa, ndipo ndiwo adatsekulira ena nkhokwe. Pasapezeke wina mwa ife wonena kuti ndine wochepa, ndilibe choika.

Ambuye akusungeni inu ndi mabanja anu, ndipo pakhomo panu pasasoŵe chakudya, ngakhale cha mlendo. Tsalani bwino mpaka tidzakumanenso.